Kapepala ka m'pasipoti yanga

M'pasipoti yanga muli kapepala kong'ambidwa m'kope la geni. M'mbali mwake mwayamba kunyenyeka, inki yake inafalikira penapake chifukwa cha thukuta, koma mawu ake akuwerengekabe. Pamwamba pali deti, 16 Disembala. Pansi pake pali nambala ya foni ya amuna anga. Kenako pali mawu a Chingerezi, olembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, onena kuti mwini pasipotiyi ndi woyembekezera, masabata 8.

Si dzanja langa limenelo. Analemba ndi amayi ena amene ndinakwera nawo basi ya ku Joni mu Febuluwale 2024. Analembera pamwamba pa chikwama chawo, pa boda ya Beitbridge, cha m'ma 2 koloko usiku.

Ndinene msanga, chifukwa ndikudziwa kuti ena mukuwerenga muli ndi pakati ndipo mtima uli m'mwamba: mwanayo alipo, pano ali mtulo kuchipinda. Koma usiku umene uja sundichoka m'mutu.

## Chifukwa chake ndinakhala chete

Mimba yoyamba ndinalengeza ili ndi miyezi iwiri. Ndinali nditakhala pabanja zaka zitatu popanda kanthu, ndiye chimwemwe chinandikanika kusunga. Ndinauza apongozi, alamu anga, amayi a kumvano, ngakhale mayi wa matemba amene timayandikana naye pamsika. Patatha masabata atatu ndinapita padera.

Ululu wa m'thupi unatha m'masiku ochepa. Mawu a anthu ndi amene anatsala. Wina anati ndinafulumira kulankhula. Wina anati pali amene anandimangira. Apongozi, mwaulemu ndithu, anati mkazi wapakati sanyamula mabelo. Onse ankalankhula mondimvera chisoni, koma ndikawonkhetsa mawu awo, yankho linkabwera limodzi: wolakwa ndinali ine.

Ndiye ndinalumbira kuti ikadzabweranso, palibe adzamve kufikira chitenje chitayamba kukana chokha.

Amuna anga amagwira ntchito yomanga ku Joni. Anabwera kudzadya Khirisimasi, n'kubwerera kumayambiriro kwa Januwale. Mwezi umenewo unatha ine osasamba. Ndinagula koyezera ku famase ina ku Limbe, kutali ndi kwathu dala, ndipo kanaonetsa mizere iwiri. Sindinauze munthu. Amuna anga ndinati ndikawauza pamaso, osati pa WhatsApp.

Ulendo unali wokonzedwa kale. Tikiti ndinali nditagula, ndalama za ku banki mkhonde nditasintha kukhala marandi, ndipo amene mumachita geni mukukumbukira mmene randi inkawawira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Makasitomala anali atapereka kale theka la ndalama za mabulangete ndi nsapato za ana. Kusiya ulendo kukanafuna chifukwa, ndipo chifukwacho ndi chimene sindinkafuna kutchula.

Za sikelo ndinaziganizira, ndisaname. Koma ndinkamva kuti pa tsiku loyamba amafuna ubwere ndi mwamuna, ndipo ukabwera wekha ena amakutuma kukatenga kalata kwa amfumu. Kupita kwa amfumu ndiye kuimba ng'oma mudzi wonse. Komanso pa benchi ya ku sikelo supita osakumana ndi wokudziwa. Ndinadziuza kuti ndidzayamba ndikabwerako, ikadzakhwima.

Sindinali ndekha pa maganizo amenewa. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi anayi alionse kwathu kuno, mmodzi yekha ndi amene ankayamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira. Pomwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, kuyambira 2016, limati mayi azionana ndi azaumoyo kasanu n'katatu, ndipo koyamba kakhale masabata 12 asanathe. Izi ndinadzazidziwa pambuyo. Tsiku lonyamukalo ndinangotenga mandimu asanu ndi limodzi.

## Mpando wa pawindo

Amene munayendapo njira imeneyi sindikuuzani zachilendo. Blantyre m'mawa, Mwanza, Zobue, kenako mumatsetsereka kulowa m'ng'anjo ya Tete. Nyamapanda madzulo, Harare usiku, Beitbridge nkhuku zisanalire. Makilomita opitirira 1,700 mutakhala pamalo amodzi.

Ndinasankha mpando wa pawindo kuti ndizibisala. Tisanafike n'komwe pa Mwanza, anthu anali atayamba kutsegula nkhuku yokazinga ndi tchipisi. Fungo limenelo, kuphatikiza dizilo ndi mafuta odzola a bambo wa mpando wakutsogolo, linandikweza nseru mpaka pakhosi. Ndinkayamwa ndimu, n'kumalavulira m'kabotolo kamene ndinakakulunga m'chitenje.

Madzi sindinkamwa. Ndinachita dala. Mimba yaying'ono imakutumiza kuchimbudzi pafupipafupi, ndipo basi siima chifukwa cha iwe. Zimbudzi za m'njira nazo ndi zolipira, pena metikashi, pena madola. Ndinaona kuti kosamwa n'kosavuta. Kuchokera pa Mwanza mpaka ku Harare ndinangonyowetsa milomo kawiri kapena katatu, m'kutentha kwa Febuluwale. Mkodzo ukandigwira ndinkapirira. Pa Nyamapanda mutu unayamba kugunda, ndiye ndinameza ma Brufen awiri amene ndimayenda nawo nthawi zonse. Mapazi anatupa mpaka zingwe za nsapato zinasiya mizere.

Pambali panga panali amayi achikulire, ovala duku lobiriwira. Anali ndi zikwama za usipa, nyemba ndi mpunga wa Kilombero zokagulitsa kwa a Malawi a ku Joni. Anandiuza kuti anayamba kuyenda njirayi mlatho wa pa Zambezi ku Tete ukadali umodzi. Sanali olankhulalankhula. Anandipatsa bisiketi, ndinakana. Anandipatsa madzi, ndinakana. Anangondiyang'ana, n'kutembenukira kutsogolo.

## Beitbridge

Mbali ya Zimbabwe tinadutsa bwinobwino. Titawoloka Limpopo, kumbali ya South Africa, anati tonse titsike ndipo katundu yense atsitsidwe. Mabasi anali ambiri, mzere wodinditsa mapasipoti utakhota kangapo. Ndinapempha mtsikana wina kuti andisungire malo, ndinapita kuchimbudzi.

Ndinaona magazi.

Sanali ambiri. Koma ulendo woyamba uja zinayambanso chimodzimodzi, kadontho kamodzi pa kabudula wamkati. Ndinaima m'kachipindako kwa nthawi, nditagwira khoma. Kunja wina ankagogoda. Ndinavala padi, ndinasamba m'manja, ndinabwerera pamzere, ndipo nditafika ndinathokoza mtsikana uja ndikumwetulira. Mpaka lero ndimadabwa kuti ndinamwetulira.

Patapita kanthawi m'makutu munayamba kulira. Magetsi a pabodapo anayamba kuoneka ngati ali kutali. Ndinakhala pansi pa simenti pakati pa miyendo ya anthu.

Amene anandigwira paphewa anali amayi a duku lobiriwira aja.

"Iwe mwana wanga, ili ndi miyezi ingati?"

"Ndangotopa, amayi."

"Mandimu asanu ndi limodzi kuchokera pa Mwanza. Ndi kabotolo kako ka malovu ndakaona. Ine ndabereka ana asanu ndi awiri. Ndikufunsa miyezi."

Apa m'pamene ndinalira. Ndinawanong'oneza za magazi aja.

Sanadzidzimuke, ndipo sanandiuze kuti zonse zikhala bwino. Anakhala pansi pambali panga, anayala chitenje chawo kuti chititchinge, n'kuyamba kufunsa ngati anesi. Magaziwo ndi ochuluka bwanji, adzaza padi? Muli oundana? M'mimba mukupweteka? Pakati kapena mbali imodzi? Nanga paphewa? Ndinati ndi ochepa, ndipo m'mimba mukungolemera chabe cha m'munsi.

"Ndikufunsa chifukwa mwana wanga wachiwiri anatsala pang'ono kufa ndi mimba yokhala kunja kwa chiberekero. Inkapweteka mbali imodzi, iye n'kumati ndi mpweya. Ukanati mbali imodzi, ulendo wako ukanathera pa Musina pompa, kuli chipatala. Ndipo ikayamba kupweteka choncho tili m'njira, kapena magazi akachuluka, undiuze nthawi yomweyo, tiimitsa basi. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Amuna ako akudziwa?"

"Ayi."

"Mayi ako?"

"Ayi."

"Mchemwali wako? Mnzako?"

Ndinangopukusa mutu.

Anakhala chete pang'ono. Kenako anati, "Ndiye ukakomoka pano, akakulankhulire ndani? A ambulansi akabwera afunse ndani? Akakubaya jakisoni wosayenera munthu wapakati, udzati walakwa ndani?"

Ndinalibe choyankha.

"Unasamba liti komaliza?"

"Mu Disembala."

"Disembala ali ndi masiku 31, mwana wanga. Liti?"

Sindinkalemba masiku anga. Palibe anandiphunzitsapo kutero. Koma iwo sanandisiye. Anati ndikumbukire chimene chinkachitika. Khirisimasi isanafike kapena itadutsa? Amuna anga anali atabwera? Ndinkavala chiyani? Pang'onopang'ono chinabwera. Linali tsiku logawana ndalama ku banki mkhonde, Loweruka, ndipo ndinachoka msonkhano usanathe chifukwa ndinamva kuti zayamba, nditavala siketi yoyera. Anatulutsa foni yawo ya mabatani, anatsegula kalendala. Loweruka la pa 16. Anawerenga ndi zala, sabata ndi sabata, mpaka usiku umenewo. Masabata 8.

Anang'amba pepala m'kope limene amalembamo angongole awo. Analemba detilo, anandifunsa nambala ya amuna anga, anaitana mnyamata wina wa sukulu amene anali pamzerepo kuti awauze kalembedwe kake m'Chingerezi. Anapinda kapepalako, n'kukalowetsa m'pasipoti yanga.

"Munthu akagwa kudziko la eni, choyamba chimene amatsegula ndi pasipoti."

Kenako anasungunula paketi ya Thanzi m'botolo lawo la madzi, n'kundiuza kuti ndimwe pang'onopang'ono mpaka lithe. Ndiye anachita chinthu chimene panthawiyo ndinaona ngati andivula pagulu. Anaitana kondakitala mokweza, anthu onse akumva.

"Achimwene! Mwana uyu ndi wodwala, ali ndi pakati. Katundu wake asanyamule yekha, ndipo akafuna kuchimbudzi muime."

Chinsinsi chimene ndinabisira mayi anga ondibereka chinamveka kwa anthu oposa makumi asanu. Ndinadikira kuti thambo ligwe. Chimene chinachitika n'chakuti abambo awiri ananyamula zikwama zanga, mayi wina anandipatsa nthochi, ndipo anthu a pamzere anandilola kupita kutsogolo. Titabwerera m'basi, amayi aja anatenga mpando wa pawindo, ine anandikhazika wa m'mbali mwa kanjira kuti ndizitha kuimirira ndi kuwongola miyendo.

Kuyambira pa Musina mpaka pa Polokwane sindinagone. Ndinkaganiza za mwambo wathu wobisa mimba. Sindiunyoza, ndikudziwa kumene umachokera, ndipo ndinaulawa ululu umene umafuna kutiteteza. Koma ndinazindikira kuti kumudzi kubisako sikukhala kubisa kwenikweni. Mayi ako amaona mmene ukudyera. Mnzako wa kumjigo amaona kuti wayamba kugona masana. Sanena, koma amadziwa, ndipo tsiku limene ungagwe amadziwa choti akauze adokotala. Chete wathu amayenda bwino chifukwa timakhala pakati pa maso otidziwa. Ine ndinatenga chete yemweyo n'kupita naye kumene kunalibe ngakhale mmodzi wodziwa mmene nkhope yanga imaonekera ndikakhala bwino.

## Park Station

Tinafika pa Park Station, siteshoni ya mabasi ku Joni, masana atapendeka. Amuna anga anali atandidikira kuyambira m'mawa. Ndisanatsegule pakamwa, amayi aja anawayandikira.

"Bambo, ndinu eni ake? Akazi anu ali ndi mawu. Musapite nawo kunyumba musanadzere kuchipatala."

Anandigwira dzanja kamodzi, n'kutsatira mnyamata amene ankakankha zikwama zawo za usipa. Sindinawaonenso.

Mawu amene ndinawakonzekera kwa masabata awiri, oti ndikawanene titakhala awiri m'nyumba, ndinawanena titaima pakati pa ma trolley ndi anthu oitanira ma taxi. Nkhani yabwino ndi yoipa m'mpweya umodzi. Amuna anga anavula chipewa, anachivalanso.

"Wayenda njira yonseyi wekha, osandiuza?"

Sanakalipe. Koma nkhope yawo inandionetsa kuti ndinawabisira zimene zinali zawonso.

Iwo ankaopa chipatala cha boma. A Malawi ambiri kumeneko amaopa, ndipo ali ndi zifukwa: ena anabwezedwapo pageti, ena anauzidwa ndalama zimene analibe. Koma msuweni wawo, amene mkazi wake anachilira komweko, anawauza pafoni kuti tipite basi. Dziko limenelo linalengeza mu 1994, nthawi ya Nelson Mandela, kuti amayi oyembekezera ndi ana osafika zaka 6 azithandizidwa ulere m'zipatala za boma. Gawo 27 la malamulo awo aakulu limati munthu aliyense asakanizidwe thandizo ladzidzidzi. Ndipo mu Epulo 2023 khoti lalikulu ku Johannesburg linagamula kuti ufulu wa amayi apakati ndi oyamwitsa umenewu ndi wa onse, kaya ndi nzika kaya ndi obwera, kaya ali ndi mapepala kaya alibe. Ndikulemba izi mwatsatanetsatane chifukwa alongo athu ambiri kumeneko amakhala m'nyumba ndi mimba mpaka miyezi isanu ndi iwiri poopa chinthu chimene lamulo lili kumbali yawo.

Sindikunena kuti tinalandiridwa ndi manja awiri. Mayi wa pawindo lolembetsera anandilankhula m'Chizulu, ndipo nditayankha m'Chingerezi nkhope yake inasintha. Pasipoti yanga anaitembenuza kangapo. Tinakhala pabenchi kuyambira cha m'ma 5 madzulo mpaka cha m'ma 11 usiku. Koma sanatibweze.

Nesi atandiitana, funso lake loyamba linali lomwe lija: munasamba liti komaliza? Ndinatsegula pasipoti, ndinamupatsa kapepala. Anawerenga, anandiyang'ana, anakopera detilo pa fayilo.

## Zimene dokotala ananena

Anali mtsikana wamng'ono kwa ine, wotopa, maso ofiira. Atandiika pa makina a sikani anakhala chete kwa kanthawi kamene kwa ine kanali ngati chaka. Kenako anatembenuzira kanemayo kwa ine. Panali kanthu kofanana ndi nyemba, ndipo pakati pake kadontho kakuphethiraphethira.

Anati kali m'malo mwake, m'chiberekero, ndipo mtima ukugunda. Kukula kwake kunkagwirizana ndi deti la pakapepala. Anati kutaya magazi pang'ono m'miyezi itatu yoyamba kumachitikira amayi ambiri, ndipo ambiri a iwo mimba imapitirira, koma palibe angadziwe popanda kupimidwa, chifukwa mimba ya kunja kwa chiberekero nayo imayamba choncho.

Ndinamufunsa ngati basi ndi imene yachititsa. Anati ayi, kugwedezeka kwa galimoto sikuchotsa mimba. Ndiye ndinalimba mtima, ndinafunsa funso limene ndinalisenza zaka ziwiri. Ndinamuuza za mimba yoyamba ija, ndi za mabelo.

Anasiya kulemba. Anati pafupifupi theka la mimba zimene zimachoka m'masabata oyambirira zimachoka chifukwa kamwanako sikanaumbike bwino kuyambira pachiyambi penipeni, ndipo palibe chimene mayi akanachita kapena kusiya kuchita. Osati kulankhula, osati kugwira ntchito zake za masiku onse.

Amuna anga anali ataima pakhomo, ndipo anamva. Ndinayamika kuti anamva ndi makutu awo.

Koma panali zina zimene zinalidi zochita zanga, ndipo sanandinyengerere. Mkodzo unaonetsa matenda a m'chikhodzodzo. Anati amayi apakati amawatenga msanga, makamaka akamamwa madzi ochepa ndi kusunga mkodzo, ndipo akalekereredwa amakwera mpaka ku impso. Kukomoka kwa pa boda kuja anati n'kutheka kuti kunali kuchepa kwa madzi m'thupi ndi njala. Anandilembera mankhwala oyenera munthu wapakati. Nditatchula Brufen anati awiri aja asandidetse nkhawa, koma ndisamwenso, mutu ukapweteka ndi Panado basi. Anatinso mimba imachititsa magazi kuundana msanga, ndiye kukhala maola ambiri osasuntha kungayambitse chotupa cha magazi m'mtsempha wa mwendo. Mwendo umodzi ukatupa ndi kupweteka pakatumba, kapena mpweya ukayamba kubanika, ndithamangire kuchipatala.

Kenako anafunsa njira imene ndinadzera. Nditati Malawi, kudzera ku Tete, anaitanitsa koyezera malungo. Sanapezeke. Koma anandiuza mawu amene ndawabwereza kwa anthu ambiri chichokereni. Johannesburg ili pamwamba, mamita opitirira 1,700, ndipo malungo safala kumeneko. Ndiye munthu akabwera thupi likutentha, ambiri amayamba kuganiza za chimfine. Malungo amatha kuonekera patatha sabata imodzi, awiri kapena kuposa udzudzu utakuluma, ndipo kwa mayi wapakati amakula msanga. Anati thupi likangotentha ndibwere tsiku lomwelo, ndipo mawu oyamba kutuluka pakamwa panga akhale oti ndachokera ku Malawi.

## Sikelo kudziko la eni

Magazi anasiya pa tsiku lachitatu. Sabata yomweyo ndinakayamba sikelo pa kiliniki ya pafupi ndi kumene amuna anga amachita lendi. Anandiyeza BP, kuchuluka kwa magazi, gulu la magazi, HIV ndi chindoko. Anandipatsa buku lawo la amayi oyembekezera, n'kundiuza kuti ndiziyenda nalo kulikonse. Analembetsanso nambala ya amuna anga ku MomConnect, njira ya boma lawo imene inayamba mu 2014 yotumizira amayi mauthenga pafoni. Mauthengawo ankafikira iwo, ndiye madzulo akaweruka ankandiwerengera. Mwina ndi mmene anaphunzirira za mimba kuposa amuna ambiri a kwathu.

Chimene chinandiluma mumtima ndi kapiritsi kakang'ono ka folic acid. Nesi anati kamateteza msana ndi ubongo wa mwana kuti ziumbike bwino, ndipo ntchito imeneyi imachitika m'masabata oyambirira enieni, pamene amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti ali ndi pakati. N'chifukwa chake amati wofuna mwana ayambe kumwa asanaime. Ine masabata amenewo ndinawathera pobisa. Mimba ikadzakhwima, mmene ndinkanenera muja, zina zimakhala zitadutsa kale.

Tsiku lina amuna anga anabwera ndi kota, buledi uja amamudzaza tchipisi ndi polony. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, wa ku Zimbabwe, anandilanda polonyyo m'manja. Anandikumbutsa za mliri wa listeriosis wa 2017 mpaka 2018, umene unachokera ku polony, unadwalitsa anthu opitirira 1,000 ndi kupha opitirira 200, kuphatikizapo makanda ambiri ongobadwa kumene. Anati nyama zozizira zoterezi wapakati azidya pokhapokha zitaphikidwanso mpaka kutentha. Akanakhala kuti sankadziwa za mimbayo, akanangondiyang'ana ndikudya.

## Pobwerera

Amuna anga ankafuna ndikhale mpaka ndichire. Tinakangana masiku awiri. Pasipoti ya Malawi amaidinda masiku 30, ndipo ukapitiriza amakuletsa kulowanso, chaka chimodzi kapena zisanu kutengera ndi masiku amene wapitirira. Geni yanga ikanafera pomwepo. Komanso mwana wobadwira kumeneko kwa makolo obwera sakhala nzika chifukwa chongobadwirako. Ndipo kunena zoona ndinkafuna mayi anga. Ndinawaimbira foni ndili komweko, n'kuwauza zonse. Anati anaona kale tsiku limene ndinakana nsomba.

Ndisananyamuke ndinabwerera ku kiliniki kukafunsa ngati ndingayende. Anandipima, anati ndingathe, ndipo analemba zotsatira zonse m'buku lija. Ndinakwera basi ndili ndi masabata 11. Ndinapempha mpando wa m'mbali mwa kanjira. Pokwera ndinauza kondakitala ndekha, ndi pakamwa panga. Ndinatenga mabotolo anayi a madzi, mabisiketi ouma, mtedza, ndi ndalama zachitsulo za mayiko onse atatu zolipirira zimbudzi. Paliponse pamene basi yaima ndinkatsika n'kuyendayenda. Mabelo ndinalipira anyamata. Mapiritsi ndi buku zinali m'kachikwama ka m'manja, osati pansi pa basi. Tisanalowe m'chigwa cha Zambezi ndinavala zamanja aatali ndi masokosi, ngakhale kunkatentha.

Nseru inalipobe, sindinganene kuti ulendowo unali wokoma. Koma sindinali ndekha nayo.

Ku sikelo ya kwathu ndinapita ndekha, mtima ukugunda, ndikuyembekezera kubwezedwa. Ndinati amuna anga ali ku Joni. Anesi anangoti chabwino, khalani apo. Ndikudziwa amayi amene anabwezedwadi m'malo ena, ndiye sindinena kuti mantha anga anali opanda pake, koma kwa ine khomo linali lotsegula nthawi yonse ija. Anatenga buku la ku South Africa, anawerenga tsamba ndi tsamba, n'kukopera m'buku lathu la kuchipatala. Anandipatsa neti. Masabata 13 atakwana anandiyambitsa Fansidar woteteza ku malungo, amene ndinkamwera pamaso pawo mwezi ndi mwezi. Tsiku loyembekezera kuchira analemba 21 Seputembala, kuwerengera kuchokera pa Loweruka lija la banki mkhonde.

Anabadwa pa 18, mtsikana, wolemera makilogalamu 3.1.

Chaka chatha ndinayambiranso maulendo, mwana nditamusiya ndi agogo ake. Pa Mwanza, bambo wodinda mapasipoti atatsegula yanga, kapepala kaja kanagwera pa tebulo. Anakatola, anawerenga, anandiyang'ana pamimba.

"Mayi, izi ndi zanu?"

"Ndi zakale, bambo. Mwanayo akuyenda."

"Ndiye muzichotsa. M'pasipoti simusungidwa mapepala."

Ndinati ndamva. Ndinakagwira m'manja mpaka nditatuluka panja, ndipo ndisanakwere basi ndinakabwezera m'malo mwake, pakati pa tsamba lomaliza ndi chikuto.